Kalata Yotseguka kwa Akuluakulu a Medical Council of Malawi: Za Odwala Ogula Buku Lachiwiri

Kwa a Wapampando ndi akuluakulu onse a bungwe la Medical Council of Malawi, ku Lilongwe.



Popeza lamulo la m'chaka cha 1987 linaika m'manja mwanu kaundula wa madokotala, ma clinical officer ndi ma medical assistant a m'dziko muno, ndi kukupatsani mphamvu yonena amene ayenera kugwira thupi la munthu wodwala ndi amene sayenera, ndaona kuti palibe bwalo lina loyenera kutulapo nkhani imene ndasenza koma lanu lomweli. Ndipo ngakhale sindili dokotala kapena mwana wa dokotala, ndalimba mtima kulankhula pamaso panu, pakuti akale anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Nkhani yake ndi ya kabuku kaja ka kuchipatala, kamene Unduna wa Zaumoyo unakhazikitsa kuti munthu aliyense aziyenda ndi mbiri ya matenda ake m'thumba, kotero kuti kulikonse kumene angakagwere, kaya ndi ku Nsanje kaya ndi ku Chitipa, womuonayo adziwe zimene anzake anapeza kale ndi mankhwala amene anapereka. Nzeru imeneyi inali yabwino, ndipo ikadali yabwino. Koma mukadalowa m'nyumba za anthu odwala matenda amgonagona, monga kuthamanga kwa magazi, shuga, khunyu, mphumu, nthenda ya mtima ndi ya impso, ndi kuwapempha kuti akutulutsireni mabuku awo onse, mukadazizwa kuona kuti si ochepa amene ali nawo awiri kapena atatu, lakale lodzaza ndi zolemba lili pansi pa mphasa, latsopano lili m'chikwama. Akafika pamaso pa dokotala wachilendo amapereka latsopanolo, ndipo akafunsidwa za lakale amayankha ndi nkhope yofatsa kuti, "Linanyowa ndi mvula, adokotala," kapena kuti, "Ana anang'amba." Mvulayo ndi yosalakwa, ndi anawo omwe. Munthuyo wagula buku latsopano chifukwa akulakalaka kuti maso ena amuone, koma akuopa kuti akatulutsa lakale adzamva mawu aja amene ambiri a ife tinawamvapo akuti, "Nanga mwadzatani kuno pamene anzathu anakuonani kale?"

Chomvetsa chisoni nchakuti chimene akubisachi si mlandu konse. Chikalata cha ufulu wa odwala, chimene timachiona chitapachikidwa pa makoma a zipatala zina, chimalola munthu kukamva maganizo a dokotala wachiwiri. Ufuluwo ndi wake, koma amautenga ngati wakuba, ndi bodza pakamwa.

Tsono funso ndi lakuti, kodi nchiyani chimamutulutsa munthu m'manja mwa dokotala woyamba? Ena adzati ndi umbuli, ena adzati ndi mtima wosakhazikika wa anthu athu. Ine ndikuti kawirikawiri ndi kusalankhulidwa. Mwa makolo athu, mlendo akafika pakhomo sankafunsidwa chimene wadzera ali chiimire. Ankayamba wapatsidwa pokhala, napuma, ndipo pamenepo mwininyumba ankafunsa malonje, mlendoyo nkufotokoza kuyambira kumene wachokera kufikira pamene wakhalapo, popanda womudula pakamwa. Koma m'zipinda zambiri zoonera odwala, mayi amene wadzuka tambala asanalire, nayenda mtunda wautali ndi miyendo yotupa, nakhala pa benchi kufikira dzuwa litafika pamutu, amalowa napeza mutu woweramira pa tebulo ndi cholembera chili kale pa pepala. Amamva liwu limodzi lokha lakuti, "Vuto?" Asanatsirize kunena za mutu umene umamuwawa m'mawa, asanafike nkomwe pa chizungulire ndi kusaona bwino zimene ndizo zamudzetsa, bukulo labwezedwa kale m'manja mwake ndi mawu akuti, "Kalandireni mankhwala pawindo." Khalidwe limeneli si la kwathu kokha, kuti tingalinyozere dziko lathu, pakuti ku America, m'chaka cha 1984, akatswiri awiri, Howard Beckman ndi Richard Frankel, atamvetsera zokambirana za madokotala ndi odwala awo, anapeza kuti wodwala ankadulidwa pakamwa atangolankhula masekondi pafupifupi 18. Koma kufala kwa chilema sikuchisandutsa chokoma.

Pa malungo, kuchepa kwa mawu kotere sikuononga zambiri: chala chabayidwa, magazi aonetsa, LA wamwedwa masiku atatu, munthu wadzuka nakalima. Zipatala zathu zinakulira pa matenda otere, obwera ndi kupita, ndipo kalankhulidwe kake kanazolowera pomwepo. Koma kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi bungwe la WHO m'chaka cha 2009 anaonetsa kuti mwa akulu atatu alionse a zaka za pakati pa 25 ndi 64, mmodzi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo pafupifupi 6 mwa 100 alionse anali ndi shuga, ambiri mwa iwo osadziwa nkomwe. Awa ndi matenda amene munthu amagona nawo ndi kudzuka nawo kufikira tsiku lake lomaliza. Dokotala amamuona kamphindi kochepa pa mwezi, mwina pa miyezi itatu. Masiku ena onsewo wodwalayo ndiye dokotala wa iye mwini, ndiye woyeza mchere wa mu ndiwo, ndiye wokumbukira piritsi la m'mawa, ndiye woganiza ngati kutupa kwa lero nkoyenera kuthamangira nako kuchipatala kapena ayi. Munthu wotereyu akapanda kuuzidwa momveka kuti nthenda yake sichizika koma imagonjetseka, ndi kuti mankhwala ake si a sabata imodzi, amamwa kufikira atatha, namva bwino, naleka. Ndipo nthenda ikabweranso, monga iyenera kubwera, iye amaganiza molungama ndithu, malinga ndi zimene akudziwa, kuti dokotala uja sanaipeze nthenda yeniyeni.

Taonani chitsanzo chimodzi. Mankhwala a enalapril, amene amaperekedwa kwambiri kwa odwala kuthamanga kwa magazi, amayambitsa chifuwa chouma mwa anthu ena. Dokotala aliyense amadziwa zimenezi, ndipo kuzinena sikutenga nthawi yoposa imene munthu amatenga pomanga chingwe cha nsapato. Koma zikapanda kunenedwa, bambo amatsokomola mwezi wathunthu, akunyumba nayamba kunong'onezana za chifuwa chachikulu, ndipo iye amanyamuka ndi buku latsopano kupita kwina, kumene adzayezedwa makhololo ndi kujambulidwa pachifuwa, osatchula konse piritsi limene akumwa m'mawa uliwonse, popeza kulitchula ndiko kuulula buku lobisika lija.

Musaiwalenso, akuluakulu, kuti kwathu kuno munthu sadwala yekha. Akabwerako kuchipatala, madzulo ake pamakhala amalume ake, amene ndiwo eni mbumba, pamodzi ndi alongo ake ndi apongozi, onse ndi funso limodzi lakuti, "Akuti nchiyani?" Akayankha kuti, "Sananene, angondipatsa mapiritsi," bwalo limenelo silingabalalike chabe, liyenera kugamula kanthu, ndipo limagamula kuti mbuzi igulitsidwe, wodwala apite naye kwina. Momwemonso kwa ogonekedwa m'chipatala: nthawi yoti madokotala ayendere odwala ikakwana, odikirira odwala amatulutsidwa panja, iwo amene akudziwa kuti wodwalayo anasanza kangati usiku ndiponso kuti wadya kapena sanadye, gulu la ovala zoyera limaima mozungulira bedi, nkumakambirana m'Chingerezi pamwamba pa mutu wa mwini thupi, kenaka nkusunthira pa bedi lotsatira. Wodikirira akalowanso nafunsa kuti, "Anena zotani?" wodwala amangotambasula manja. Ndikudziwa kuti kuphunzitsa ophunzira kumafuna chilankhulo cha m'mabuku awo, ndipo sindikutsutsa zimenezo, chimene ndikudandaula nchakuti pa gulu lonselo palibe ngakhale mmodzi wotsalira pang'ono, kuwerama ndi kunena m'chilankhulo cha mayiyo kuti, "Amayi, tapeza chakuti, ndipo mawa tichita chakuti."

Madokotala akamadana ndi kuyendayenda kwa odwala ali ndi chifukwa chomveka, ndipo ndikuvomerezana nawo kuti mapanga awiri avumbwitsa. Wodwala shuga amene walandira glibenclamide uku nalandiranso yemweyo uko, m'mapepala osiyana maonekedwe, nkumamwa onse awiri poganiza kuti ndi mankhwala awiri, angathe kukomoka shuga atatsikitsa. Wa mphumu amene wabisa mphumu yake napatsidwa propranolol chifukwa cha kuthamanga kwa magazi angathe kubanika usiku womwewo. Wa khunyu amene wasiya phenobarbitone mwadzidzidzi pofuna kuyamba za dokotala watsopano angathe kugwa mobwerezabwereza osatsitsimuka. Wa impso zofooka amene sananene za impso zake napatsidwa diclofenac wa msana akuzipha yekha impsozo pang'onopang'ono, pamene tonse tikudziwa kuchepa kwa makina osefa magazi m'dziko muno. Ndipo carbamazepine, amene ndi mankhwala abwino a khunyu, amafooketsa dolutegravir amene ali m'ma ARV a masiku ano, kotero kuti wopereka mmodzi ayenera kudziwa za mnzakeyo. Zonsezi nzoona. Koma tapenyani bwino pamene pali ngozi: pa zitsanzo zonsezi chopweteka munthu si dokotala wachiwiri, koma kusadziwa kwa dokotala wachiwiriyo zimene woyamba anachita. Ndipo chimene chimamuchititsa kusadziwa ndi mantha a wodwala, mantha amene anabadwira m'chipinda choyamba chija.

Mlaliki Marko analemba za mkazi wina amene anataya mwazi zaka khumi ndi ziwiri, nayenda kwa asing'anga ambiri kufikira chuma chake chonse chitatha, nthenda nkumangokula. Alaliki athu amakonda kutsindika za chikhulupiriro chake, ndipo achita bwino. Koma ine chimandigwira mtima nchakuti mkaziyo anadzera kumbuyo, mozemba, monga amachitira odwala athu a mabuku awiri, ndipo Ambuye sanalole kuti achoke mozemba momwemo, koma anaima pakati pa khamu lowapanikiza, ali pa ulendo wofulumira wopita kwa mwana wodwala mwakayakaya, namfunafuna, namlola kuti afotokoze mbiri yake yonse, osamdzudzula chifukwa cha asing'anga ambiri aja.

Pali kusiyana kwina kumene sindingathe kukupitirira. Munthu wa ndalama akakayikira zimene wauzidwa, amalowa m'chipatala cholipira, mwinanso amakwera ndege kupita ku Johannesburg kapena ku India, atanyamula mapepala ake onse m'chikwama chachikopa, ndipo palibe amene amamutcha wosakhazikika. Amatchedwa wosamala moyo wake. Wosauka akakayikira, dokotala wake wachiwiri amakhala wogulitsa zitsamba za m'mabotolo pa depoti, kapena mneneri womuuza kuti ataye mapiritsi posonyeza chikhulupiriro, kapena sing'anga wa kuseri kwa phiri. Ndipo tisadzinyenge, sing'angayo ali ndi chimene amachita bwino: amayala mphasa, amafunsa za kumudzi, amamvetsera kufikira munthu atatha mawu, ndipo pamapeto pake amatchula dzina la chimene chikumudya munthuyo. Dzinalo ndi labodza, ndipo nthawi zina limagwetsa nkhalamba yosalakwa m'mlandu wa ufiti. Komabe wodwala amabwerera kwawo ali ndi choyankha kwa amalume ake.

Dziko lino linaphunzirapo kale phunziro limeneli, ndipo linaliphunzira ndi maliro ambiri. M'chaka cha 1995, pamene Edzi inali kusesa midzi ndipo chipatala chinalibe chonena koma kuuza abale kuti atenge wodwala wawo akamsamalire kunyumba, anthu miyandamiyanda anakhamukira ku Machinga kwa Billy Goodson Chisupe, kukamwa mankhwala a makungwa amene iye anati anaonetsedwa m'maloto. Mankhwalawo sanachize Edzi. Koma boma litayamba kupereka ma ARV aulere m'chaka cha 2004, silinangopereka botolo pawindo: munthu asanayambe kumwa ankakhazikidwa pansi pamodzi ndi mbale wake womuthandiza, nauzidwa kuti mankhwalawa ndi a moyo wonse, nauzidwa zovuta zimene angamve m'thupi ndi chochita akazimva, pambuyo pake panadzakhalanso anzake omwa mankhwala omwewo olangiza atsopano, ndi anthu omulondola kumudzi akajomba tsiku lake. Zipatala monga Lighthouse ku Lilongwe zinaonetsa kuti mlimi wosadziwa kulemba dzina lake angathe kusunga mankhwala ake zaka makumi awiri osaphonya, akangolankhulidwa ngati munthu wamkulu. Ku Neno, kumene bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo limagwira ntchito ndi boma, anaphatikiza odwala shuga, khunyu, mphumu ndi kuthamanga kwa magazi m'kiliniki imodzi ndi omwa ma ARV, kuti chisamaliro chomwecho chiwafikire onse. Chotero sindikupempha chinthu chochokera kutsidya la nyanja. Luso limeneli lili kale m'manja mwa ana athu omwe, pa khomo loyandikana ndi lomwe wodwala shuga akutulukamo osauzidwa kanthu.

Sindinaiwale katundu amene asenza anthu a m'kaundula wanu. Medical assistant wa pa chipatala chaching'ono cha kumudzi amakhala yekha ndi mzere wofika kumsewu, amadzutsidwa pakati pa usiku, ndipo nthawi zina amalemba mankhwala akudziwa bwino lomwe kuti m'nkhokwe mulibe. Munthu wotopa chotero sangafunse malonje a makolo athu kwa aliyense, ndipo wopempha zimenezo ndi wosadziwa chipatala. Ndaonanso ena mwa iwo, si ochepa, amene m'kutopa komweko amadzutsa mutu, natchula munthu dzina lake, nanena mawu atatu oyenera. Odwala amawadziwa otere, ndipo mudzaona pa benchi anthu akupatsana mpata mwadala, wina kulola mnzake alowe, pofuna kuti iye agwere m'chipinda cha dokotala wakutiwakuti. Mzere ndi womwewo, malipiro ndi omwewo, kusowa kwa mankhwala nkomweko. Kusiyana kwake ndiko kumene kuli m'mphamvu yanu.

Pempho langa loyamba, tsono, ndi lakuti munene poyera, ndi mawu a bungwe lanu, kwa onse a m'kaundula wanu ndi kwa ife odwala, kuti kupempha kuonedwa ndi dokotala wina si chipongwe, ndi kuti wodwala akapempha, dokotala woyamba alembe m'buku lomwelo, ndi malembo owerengeka, dzina la nthenda imene akuiganizira, zimene anayeza, mankhwala amene anapereka ndi chifukwa chake, namtumiza munthuyo ndi mtendere. Dokotala wodziwa ntchito yake sataya kanthu pamenepo. Mnzake akavomereza zimene iye anapeza, wodwala amabwerera ndi mtima wokhazikika kuposa kale, ndipo mnzake akaona chimene iye sanachione, moyo wapulumuka. Inu nomwe madokotala mumafunsana m'makonde ndi pa lamya tsiku ndi tsiku, podziwa kuti safunsa anadya phula. Musamkanize wodwala chimene inu mumachiyesa nzeru. Lamulo lomweli likhudzenso dokotala wachiwiri, pakuti naye ali ndi tchimo lake: kutsegula buku, kupukusa mutu, nanena mokweza kuti, "Anakupatsani ndani zimenezi? Akadakuphanitu!" Iye amayesa kuti wadzikweza, koma wodwala amatuluka atataya chikhulupiriro mwa onse awiri, ndipo ulendo wotsatira ndi wa kuseri kwa phiri kuja. Ngati woyambayo analakwadi, kulakwako kukonzedwe ndi kunenedwa moona, ndipo ngati nkwakukulu kufike pa bwalo lanu, kumene ndiko kwawo kwa milandu yotere.

Lachiwiri likhudza sukulu zimene inu mumaziyendera ndi kuzivomereza. Kuyambira pamene College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1991, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, dziko lino lakhala likusula madokotala ake. Malawi College of Health Sciences ndi sukulu za mipingo zikusula ma clinical officer ndi ma medical assistant amene ndiwo amaona ambiri a ife. Ndikupempha kuti pasakhale wotuluka m'sukulu zimenezi asanayesedwe pa ichi: amuikire patsogolo gogo wa kumudzi, amufotokozere gogoyo za shuga m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao, ndipo pambuyo pake woyesa afunse gogoyo, osati wophunzirayo, kuti wamva zotani. Gogo akalephera kubwereza, wolephera mayeso ndi wophunzira. Ndipo kwa amene ali kale pa ntchito, maphunziro owonjezera aja amene mumafuna munthu asanakonzenso chiphaso chake akhale ndi gawo limeneli, lolemera mofanana ndi la mankhwala atsopano.

Ndikudziwa kuti m'zipatala za boma munaikidwa anthu olandira madandaulo, ndipo nkwabwino kuti alipo. Koma amene amafika kwa iwo ndi wotukwanidwa kapena woferedwa. Palibe amene amapita kukadandaula kuti, "Sanandiuze dzina la nthenda yanga," popeza ambiri sadziwa kuti anayenera kuuzidwa. Nchifukwa chake ndikupempha kuti yankho lanu, ngati mudzaona kalatayi kukhala yoyenera kuyankhidwa, lisathere m'nyuzipepala ya Chingerezi yokha kapena m'kalata yozungulira m'maofesi, koma limveke pa wailesi, m'zilankhulo za anthu, madzulo pamene abwerako kumunda. Ndipo munene mawu amodzi awa momveka bwino, kuti aliyense wopita kwa dokotala wina anyamule buku lake lakale pamodzi ndi mapepala onse a mankhwala amene akumwa, ngakhale a zitsamba omwe, ndipo palibe amene adzamkalipira chifukwa cha zimenezo.

Ndine wanu wodzichepetsa,

Mmodzi wa odikirira odwala.